Nyimbo Imene Inabadwa Pambuyo Panga

1

Dzina langa ndi Pyo Mi-ra, kapena ndinene kuti ndi dzina limene ndakhala ndikuvomera moyo wanga wonse. Ndimagulitsa magalasi a maso m'kashopu kena pafupi ndi msika wa nsomba kuno ku Gunsan. Tsiku lonse ndimakhalira kuuza anthu kuti maso awo sakuona bwino, koma mumva nokha mmene ine mwini wake ndinakhalira wakhungu m'nyumba ya mayi anga.

Chaka chilichonse mu Malichi, tsiku langa lobadwa likakwana, amayi ankandiphikira msuzi wa ndere za m'nyanja, uja timapatsa mkazi akangobereka, umene mwana amaumwanso chaka ndi chaka pokumbukira zowawa za mayi ake. Akandiikira mbale patsogolo, nkhani inali yomweyomweyo.

"Tsiku limene unabadwa iwe, mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Pawailesi ankaimba 'Nsapato Zonyowa Pakhomo'. Inali nambala wani dziko lonse, ngakhale agalu ankaidziwa. Woimba akufika pa kolasi, iwe n'kuyamba kulira."

Kenako ankaiimba ndi mawu awo osasa aja oitanira ogula nsomba zouma. Nyimboyo ndinakula ndikuidziwa kuposa nkhope ya bambo anga, amene anamwalira ndili wamng'ono.

Ukwati unandichedwera. Ana a anzanga anali atayamba kale sukulu pamene ndinakumana ndi Sang-u, wokonza mainjini a maboti, munthu wosachedwa kuseka, wa manja onunkha oyilo. Ndinkamuposa ndi chaka chimodzi, ndiye akafuna kundiputa ankanditchula kuti "achemwali". Mayi ake, Mayi Ryu, za msinkhuzo sizinawasangalatse, komabe anatenga tsiku langa lobadwa ndi lake n'kupita nawo kwa wamaula wawo, monga amachitira makolo asanavomere ukwati. Kwathu kuno chaka chilichonse chili ndi nyama yake: ine wa chaka cha Njoka, iye wa chaka cha Kavalo. Wamaulayo anati njoka yofatsa chonchi idzamukulunga mwendo kavaloyo kuti asamathamange chisawawa. Mayi Ryu anavomera, tsiku loti mabanja awiri akumane n'kusankhidwa.

Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Loweruka lina masana, titadya ndi anzathu, tinalowa m'kachipinda kena kolipira koimbiramo nyimbo. Sang-u anatulutsa foni.

"Pali kamasewera apa. Ukalemba tsiku lako lobadwa, ikukuuza nyimbo imene inali nambala wani tsiku limenelo. Aliyense aimbe yake, wokana agula mowa!"

"Yanga musavutike nayo," ndinatero ndikutenga maikolofoni. "Ndi 'Nsapato Zonyowa'. Ingoikani."

Sang-u anayang'ana foni, n'kukwinya nkhope. "Achemwali, si imeneyo. Apa yatuluka ina, ya msilikali wolira chibwenzi pa siteshoni."

"Walemba molakwa ndi zala zako zaoyilozo."

Analembanso. Kenako anaifufuza payokha nyimbo yangayo, n'kuphulika kuseka.

"Iii, achemwali! Nyimbo yanuyi inatuluka chaka chotsatira, inafika pamwamba mu Okutobala. Inu nthawi imeneyo n'kuti mukuthamanga kale pabwalo! Kapena munabadwa kawiri?"

Onse anaseka, inenso ndinaseka. Koma zing'wenyeng'wenye zitayamba, ndinaika maikolofoni pansi osaimba. Mayi anga amaiwala pamene aika makiyi, amaiwala mpunga pamoto, koma m'nkhani imeneyi sanasinthepo ngakhale liwu limodzi.

2

M'mawa mwake ndinadzera kumsika. Ndinawapeza amayi akuyala tinsomba touma m'malichero, atamanga mpango wawo wotuwa uja.

"Amayi, nyimbo ija mukutsimikiza kuti inkaimbidwa tsiku limene ndinabadwa?"

Dzanja lawo linaima m'malere, nsomba zili m'manja. Kanali kamphindi chabe, koma ine ndinakaona.

"Wafunsiranji?"

"Foni ya Sang-u ikuti inatuluka ine nditapitirira kale chaka ndi theka."

"Foniyo inalipo pamene ndinkabereka? Ndi imene inkandigwira dzanja?"

"Nanga mu Malichi mvula yoboola kumwamba inagwapo liti kuno? Si mwezi wa fumbi umenewo?"

"Iwe, wandibweretsera khoti pamsika? Pita kuntchito, akhungu akukudikira."

Anatembenukira mayi wina amene ankangodutsa, n'kuyamba kumuyamikira malaya. Pomupimira nsomba anathira zamchere m'thumba la zopanda mchere, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita chibadwire. Ndinachoka pamenepo kupita kuntchito.

Munthu ukayamba kukayika, ngakhale khoma limaoneka ngati likubisa mawu. M'shopu tsiku limenelo ndinapukuta galasi limodzi mpaka abwana anandifunsa ngati ndikufuna kuliboola. Zinthu zakale zinkabwera zokha. Kusukulu ndinali wamng'ono kuposa aliyense, wa kutsogolo kwa mzere chaka ndi chaka. Anzanga akugweluka mano, anga anali nganganga. Tsiku loyamba m'kalasi ndinalira mpaka kudzikodzera, aphunzitsi n'kunena kuti mwanayu akuoneka ngati wathyoledwa wosapsa. Amayi ankangoti, "Unadwala uli khanda, n'chifukwa chake."

Ndiye panalinso msuzi wachiwiri. Chaka chilichonse mu Okutobala pankakhala tsiku limene amayi ankaphika msuzi wa ndere womwe uja, popanda wobereka, popanda wokumbukira kubadwa. Ukawafunsa ankati, "Ndangoulakalaka." Ndipo tsiku limenelo, ngati kuti achita kupangana, ankatulukira mayi aang'ono, a Bok-hui, atanyamula kamphatso: masokosi, chipeso, kampango. "Ndinangokaona pamsika," ankatero akundipatsa.

A Bok-hui ndi mng'ono wawo wa amayi. Sanakwatiwepo. Ali mtsikana ankaimba m'malo omwera tiyi a kudoko kumene amalinyero ankataya nthawi, ndipo anthu sankasowa chowanena. Amayi akayamba kuimba "Nsapato Zonyowa", iwo, amene kuimba inali ntchito yawo, ankadzuka n'kupita panja kukasuta, n'kubwerako maso ali psuu.

Zaka zonsezi ndinkati ndi utsi wa fodya.

3

Sang-u pakamwa pake n'posatseka ngati chitseko cha basi yakale. Nkhani ya nyimbo anakaifotokoza pa chakudya kwawo ngati nthabwala. Pasanathe masiku, Mayi Ryu anandiitanitsa.

Anandikhazika pansi pa tebulo lawo lalifupi, iwo n'kuyamba kusenda peyala. Ankasenda pang'onopang'ono, khungu likulendewera osaduka.

"Ndamva za nyimbo yako," anatero. "Nkhani yoseketsa kwambiri."

Sanaseke.

"Amayi akukalamba," ndinatero. "Mwina anasokoneza."

"Mkazi sasokoneza tsiku limene anabereka. Akhoza kuiwala nkhope ya mwamuna wake, koma osati limenelo." Anaika chidutswa cha peyala patsogolo panga. "Nyimbo imeneyo ine sindifunika foni kuti indikumbutse. Ndinkaiimba ndikuyamwitsa Sang-u, masamba akuyoyoka. Chinali chaka cha Kavalo."

Peyala ija sindinaikhudze, iwo n'kupitiriza.

"Ukudziwa zimene mabanja ena ankachita akabereka mwana wamkazi chaka cha Kavalo? Ankamubisa m'chaka china, ngati mmene wogulitsa amabisira nsomba yovunda pansi pa zabwino. Mkazi wa Kavalo sakhala pakhomo. Amamuponda mwamuna wake mpaka kumufupikitsira moyo."

Za nsomba yovundazo anasankha dala, podziwa ntchito ya mayi anga. Komabe ndinadzigwira.

"Pepani amayi, koma munthu akhoza kuchedwa kulembetsa mwana. Angamulembetse bwanji asanabadwe? Ine ku boma ndinalembedwa chaka cha Njoka, chaka cha Kavalo chisanafike."

"Limenelo ndi funso labwino. Ukafunse kwanu." Anapukuta mpeni. "Atambala awiri salira m'khola limodzi, nanji akavalo. Lamlungu likubwerali mabanja akukumana. Ndikufuna ndimve tsiku lenileni kuchokera pakamwa pa mayi ako, akundiyang'ana m'maso. Ngati munandipatsa tsiku labodza kuti ndikadzichititse nalo manyazi kwa wamaula, ukwati palibe."

Sang-u anandiperekeza kukakwera basi, manja ali m'matumba.

"Usadandaule, amayi amangolankhula. Ukuwadziwa."

"Nanga zitapezeka kuti ndi zoona?"

"Zoona chiyani? Aaa, iwenso. Mayi ako asokoneza nyimbo basi."

Ankalankhula akuyang'ana mawilo a galimoto zodutsa. Tsiku limenelo sananditchule kuti achemwali, ndipo ine ndinazindikira kuti nayenso wayamba kundiwerengera zaka mumtima.

4

Pakhoma la chipinda chathu chochezera pali chithunzi cha phwando la mwana wokwanitsa chaka. Kamwana kavekedwa zovala zamitundumitundu, kakhala patsogolo pa tebulo pamene ayalapo ulusi, pensulo ndi mpunga kuti kasankhe tsogolo lake. Katambasula dzanja lamanja, kagwira ulusi. "Unasankha moyo wautali," amayi ankatero nthawi zonse. Ndinkadutsa pansi pa chithunzicho m'mawa ndi madzulo osachiyang'anitsitsa, monga mmene munthu sayang'anira mphuno yake.

Lachinayi masana, amayi ali kumsika, ndinabwera kunyumba ndi galasi lokulitsa zinthu la kuntchito. Ndinatsitsa chithunzicho n'kupita nacho pawindo.

Padzanja langa lamanja, pamene pamakhala wotchi, ndili ndi banga lakuda lobadwa nalo, longa nyemba. Dzanja la kamwanako linali loyera bwinobwino. Ndinadziuza kuti mwina ndi kuwala kwa kamera. Ndiye ndinayang'ana makutu. Makutu ine ndimawadziwa, ndimakoleka magalasi pa makutu a anthu tsiku lonse, ndipo khutu silisintha munthu akamakula. A kamwanako anali olendewera kunsi ngati a amayi. Anga ndi omatirira kutsaya.

Mwana wa pachithunzi sanali ine.

M'mutu mwanga nkhani inadzilumikiza yokha, mwamsanga ngati yolembedwa kale. Woimba wa kudoko wosakwatiwa, mimba yopanda mwini, mkulu wake n'kumubisira manyazi. Msuzi wa mu Okutobala, misozi, timphatso. Za kamwana ka pachithunzi sindinaziganizirenso bwino, ndinangoti mwina anabwereka chithunzi cha mwana wa eni. Ndinatuluka chithunzi chili m'khwapa, ulendo wa kwa a Bok-hui.

Ndinawapeza m'kashopu kawo ka tiyi akupaka utoto wofiira ku zala. Ndinaika chithunzi patebulo, galasi pamwamba pake, n'kupinda mkono wa malaya kuti banga lioneke.

"Mayi aang'ono, ndiuzeni lero. Munandibereka ndinu?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka chiseko chachikulu mpaka kutsokomola.

"Ine? Mwana iwe, ukanakhala wanga ndikanakupereka kwa munthu? Ndikanakubereka kumsana n'kumaimba nawe pamaso pa zidakwa zonse za padoko. Manyazi ine anandithera ndili ndi mano onse."

"Ndiye mumaliriranji nyimbo ija ikamaimbidwa? Mumabwereranji mu Okutobala? Nanga uyu ndi mwana wa ndani?"

Chiseko chija chinazima. Anakoka chithunzi, osagwira galasi, n'kusisita nkhope ya kamwanako ndi chala, utoto wosauma n'kusiya kadontho kofiira pa felemu.

"Wayang'ana makutu, eti?"

"Eya."

Anapuma mozama. "Ndinalumbira pamaso pa agogo ako. Koma iwo anapita kale, ndipo lumbiro nalonso limakalamba. Tenga chithunzicho, tiye kwa mayi ako. Si ine woyenera kutsegula pakamwa."

5

Amayi tinawapeza kuseri kwa nyumba atagwada pa beseni, akuthira mchere kabichi wopangira kimchi, ndiwo zathu zowawasa zija. Ataona chithunzi m'manja mwanga ndi mng'ono wawo kumbuyo kwanga, anangokhala pansi pasimenti ponyowa pomwepo.

"Achemwali," anatero a Bok-hui, "mwanayu akuti ndinamubereka ndine. Muuzeni, asanakafunse amalinyero."

Amayi anayang'ana manja awo oyera ndi mchere.

"Ndinakubereka ndine," anatero. "Zimenezo usadzakayikenso, ukadzakayika ndidzafa. Koma uyo naye ndinamubereka ndine. Ameneyo ndi Mi-ra."

"Mi-ra ndi ine."

"Mi-ra anabadwa mu Malichi, chaka cha Njoka, tikukhala kuchilumba. Anagwira ulusi pa phwando lake, anthu onse n'kuwomba m'manja. Mwezi sunathe, chikuku chinalowa m'mudzi." Anakweza maso kundiyang'ana. "Iwe n'kuti uli kale m'mimba. Bambo ako ali panyanja."

A Bok-hui anapitiriza, akuyang'ana kumbali. "Ukudziwa mwambo wake. Mwana wotsogola makolo alibe maliro, alibe chiliza, ndipo mayi ake saloledwa kuperekeza. Ndinamubereka kumsana ine ngati wagona, n'kukwera naye phiri pamodzi ndi bambo wina wa khasu. Ali kumsanako ndinkamuimbira, kuti anthu m'njira asadziwe."

"Agogo ako, mayi a bambo ako, anakana kuti tikanene ku boma kuti wamwalira," anatero amayi. "Anati, 'Amene ali m'mimbayo akakhala wamkazi, ndi Kavalo. Adzamukwatira ndani? Dzina lilipo kale, chaka chabwino chilipo kale, zitayikirenji?' Ine ndinali mtengwa, ndikanayankha chiyani? Tinasamukira kuno kumene sankatidziwa. Iwe unabadwa mu Okutobala, namondwe akuwomba. Bok-hui anathamangira mzamba, anabwera nsapato zili zonyowa, n'kuzisiya pakhomo. Agogo ako anati tsegulani wailesi mokweza, oyandikana nawo asamve kulira kwako n'kudziwa tsiku."

Ndinakwiya, ndisabise. Ndinakwiyira agogo amene ndinkawagwadira pa chithunzi chaka chilichonse, bambo amene anabwera kuchokera kunyanja n'kungovomereza, ndi mayi amene anali pansi apo akununkha mchere.

"Ndiye moyo wanga wonse ndavala dzina la wakufa ngati malaya osiyidwa? Anzanga amene ndinkawatchula maina chisawawa anali akuluakulu kwa ine? Msuzi wa mu Malichi uja munkaphikira ndani?"

"Mkulu wako," anatero mosabisa. "Ndinkakuyang'ana ukumwa, ine ndikuwerenga zaka zake. Kunalibe kwina kokamulirira. Pamaso pa dziko sanamwalire, ndiye ndikanalira ndani?"

Mawu amenewo anandilasa kuposa onse.

"Wa mu Okutobala unali wako," anapitiriza. "Ndinakunamiza chaka, mwezi, dzina, chithunzi. Koma ndinati mwana ameneyu asakhale wobwereka chilichonse, akhale nako kanthu kamodzi kakekake. Mvula ija ndi nyimbo ija ndi zako. Pa zimenezo pokha ndinakana kunama."

Ndinapezeka ndagwada pasimenti ponyowapo, mutu uli pamiyendo pawo. Tinalira atatu, kabichi akufota m'beseni.

Nditawafotokozera za nyimbo ya msilikali ya pafoni ija ndi zimene Mayi Ryu ananena, amayi anapukuta maso ndi mpango n'kundigwira mapewa. "Tsopano tamvera. Lamlungu ndikanena kuti ndakalamba, ndinasokoneza nyimbo. Andiseke, zilibe kanthu, wogulitsa nsomba anazolowera. Iwe ukatseke pakamwa. Wadikira nthawi yaitali ukwati umenewu." Kenako anafunsa, "Ija ya msilikali, amaiimba bwanji? Undiphunzitse."

6

Lamlungu tinakumana m'chipinda chapadera cha malo ena odyera, nsapato tonse titasiya pakhomo. Mbali iyi ine, amayi ndi a Bok-hui. Mbali inayo Mayi Ryu ndi Sang-u, atavala suti yomuthina pakhosi. Timbale tinadzaza tebulo, koma palibe amene ankadya ndi mtima wonse.

Mayi Ryu sanachedwe. "Amayi a Mi-ra, mundikhululukire, ndine munthu wosadziwa kuzungulira. Mwana wanuyu anabadwa liti?"

Amayi anawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo. "Mu Malichi, chaka cha Njoka, monga tinanenera. Za nyimbozo ndi mutu wangawu. Dzuwa la pamsika linauphika kalekale." Anaseka, akudzimenya pamutu ndi chikhatho.

"Zimachitika," anatero Mayi Ryu, maso ali tong'o pa iwo. "Ndiye pawailesi tsiku limenelo ankaimba iti?"

"Ija ya msilikali. Wa pa siteshoni uja."

"Imayamba bwanji? Inenso ndaiwala."

Sang-u anati, "Amayi, inunso," koma motsitsa, ngati wopempha mchere.

Ndipo mayi anga anayamba kuimba. Ankaimba nyimbo imene anaiphunzira dzana lake kukhitchini, akuphonya mawu, akumwetulira ngati mwana wa sukulu wosaloweza. Ankapereka chinthu chokhacho chimene anandisungira, kuti ine ndipeze mwamuna. Ndinayang'ana Sang-u, ndinamupeza akuyang'ana m'mbale. Ndinayang'ana a Bok-hui, misozi ikuyenderera pa ufa wa kumaso. Ndinadziwa kuti ndikangokhala chete ukwati ulipo, ndipo mu Malichi muliponse ndidzamwa msuzi wa mkulu wanga m'nyumba ya Mayi Ryu, ana anga akundiwombera m'manja.

"Amayi, siyani," ndinatero.

"Iwe, khala chete."

"Siyani, si yanu imeneyo." Ndinatembenukira Mayi Ryu. "Ndinabadwa mu Okutobala, mvula ikugwa, pawailesi akuimba 'Nsapato Zonyowa Pakhomo'. Ndine Kavalo. Tsiku limene munapita nalo kwa wamaula ndi la mkulu wanga, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Dzinali ndi lakenso. Ine ndadziwa Lachinayi lomweli. Mayi anga sananame kuti akupusitseni inu, anawanamitsa ndi anthu oopa akavalo ngati inu nomwe." Kenako ndinayang'ana Sang-u. "Ndipo iwe, si ine achemwali ako. Wamkulu ndiwe."

Mayi Ryu anaika timitengo tawo todyera pansi mosamala, n'kutilinganiza.

"Kavalo, ndipo wovala dzina la maliro," anatero. "Wamaula anatiyeza ndi munthu wakufa. Sang-u, tiye."

Anadzuka. Sang-u anandiyang'ana, pakamwa pali yasa, ngati akufuna kunena kanthu. Ndinamudikira. Mulungu ndi mboni, ndinamudikira ndi mtima wanga wonse. Iye anadzuka, anatenga chikwama cha mayi ake, anagwada pakhomo n'kuwatembenuzira nsapato kuti avale bwino. Chitseko chinatsekeka.

Amayi anandimenya pamsana ndi nkhonya, akulira. "Chitsiru iwe! Ndinali nditatsala pang'ono kumaliza!"

A Bok-hui anakoka mbale ya nkhanu. "Idyani," anatero akufwenthera. "Zatsala zambiri, ndipo alendo apita."

7

Patapita milungu ingapo Sang-u anaimba foni. Anati mayi ake apeza wamaula wina amene wanena kuti kavalo wamkazi akhoza kumangidwa, bola tidikire zaka zingapo, ine ndisinthe dzina kukhala limene iwo asankhe, ndizivalanso kachithumwa m'chiuno. Ankalankhula mosangalala, ngati wandipezera mankhwala. Ndinamuuza kuti ngati akufuna chomanga akasake bulu. Nditadula foni ndinalira mpaka maso kutupa, chifukwa munthuyo ndinkamukonda, ndipo mpaka lero fungo la oyilo limanditembenuza mtima.

Tsiku langa la mu Okutobala litafika, amayi anaphika msuzi wa ndere, koma sanati angoulakalaka. Anandiikira mbale n'kunena kuti, "Wakula, mwana wanga." Wotsala anauthira m'botolo losunga kutentha, atatu tonse n'kukwera boti la kuchilumba.

Phirilo linali litamera mitengo ya paini. A Bok-hui anazungulirazungulira, utoto wa kumaso ukusungunuka ndi thukuta, mpaka anavomera kuti malo enieni sakuwakumbukanso. Tinasankha mtengo umodzi woyang'ana kunyanja. Amayi, amene anali asanapondepo phiri limenelo, anagwada, anathira msuzi pamizu, anaika pomwepo kantolo ka ulusi. Kenako anakweza mawu awo osasa aja.

"Mi-ra! Mi-ra, mwana wanga!"

Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndivomere, monga ndachitira moyo wanga wonse. Ndinapatseka. Kwa nthawi yoyamba mayi anga anaitana dzina limenelo ine osayankha, ndipo ndinawasiya alire mwana wawo mpaka misozi itawathera.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mukuti ndinapusa, ndikanangomeza mawu kamphindi kochepa lero ndikanakhala pabanja. Masiku ena, makamaka kukazizira, inenso ndimaganiza choncho. Sindikuuzani kuti choonadi chimalipira, chifukwa ine chinandilanda mwamuna. Chimene ndaphunzira n'chaching'ono. M'nyumba zathu muli nkhani zimene makolo amabwereza mpaka kutitopetsa, ife n'kumati ndi ukalamba. Muzimvetsera pamene akuumirira, pa kanthu kamene sasintha ngakhale liwu, chifukwa nthawi zina munthu womangidwa pakamwa amabisa choonadi chake poyera pomwepo. Ndipo musanalembe tsiku lanu lobadwa m'kamasewera ka pafoni kaja, muyambe mwayang'ana nkhope ya mayi anu.

Ine ndinakayesanso tili m'boti pobwerera, amayi atatsamira paphewa langa. Ndinalembamo tsiku la mu Okutobala, chaka cha Kavalo, n'kuwaonetsa chimene chatuluka. Anayang'ana nthawi yaitali, atafinya maso chifukwa magalasi amene ndinawapatsa amakana kuvala.

"Waona?" anatero. "Ndinkakuuza ine."